N'chifukwa chiyani Alexander amagulira mkulu wake mowa? Za banja la a MacDonald a ku Cape Breton

Funso: Ndangomaliza kuwerenga buku la nthano yaitali la Alistair MacLeod lotchedwa No Great Mischief, lonena za banja la a MacDonald a ku Cape Breton m'dziko la Canada. Landikhudza koma landisiya ndi mafunso. Kodi chilankhulo cha Gaelic chimene anthuwa amaimbira nyimbo chilipodi, ndipo zoti makolo awo anachotsedwa ku Scotland ndi zoona? Chachiwiri ndi chimene chandivuta kwambiri. Alexander ndi munthu wophunzira, dokotala wa mano, koma amayenda ulendo wautali kukaona mkulu wake Calum amene mowa unamutha, n'kumakamuguliranso mowa womwewo. Chimenechi ndi chikondi kapena kufooka? Ndikufunsa chifukwa nanenso ndili ndi achimwene otere.

Yankho: Zikomo mayi. Mafunso anu awiriwa ndi olumikizana kuposa mmene akuonekera, choncho mundilole ndiyambire kutali. Amene simunawerenge bukuli dziwani kuti ndiulula zina za kumapeto kwake.

Anthu a m'bukumo ndi opeka, koma nthaka imene akupondapo ndi yeniyeni. Chigaelic ndi chilankhulo cha kumapiri ndi kuzilumba za kumadzulo kwa Scotland. Chimafanana kwambiri ndi chilankhulo cha makolo cha ku Ireland, ndipo munthu wodziwa Chingelezi chokha sangatolepo kanthu. Kalembera wa 2011 anapeza kuti anthu pafupifupi 57,000 ndiwo amatha kuchilankhula m'dziko lonse la Scotland, dziko la anthu oposa 5 miliyoni. MacLeod mwiniwake anakulira ku Cape Breton pakati pa zidzukulu za anthu olankhula Chigaelic, anagwirapo ntchito m'migodi pofuna ndalama za sukulu, ndipo buku limeneli, lomwe linatuluka mu 1999, ndi nthano yaitali yokhayo imene analemba asanamwalire mu 2014.

Anthu a kumapiri aja ankakhala m'mafuko, lililonse ndi mfumu yake ndi mfunda wake: a MacDonald, a MacLeod, a Campbell, a Fraser. Munthu ankalima ndi kuweta pamalo a fuko, ankapereka ng'ombe kapena mbewu kwa mfumu, ndipo kukagwa nkhondo ankanyamula lupanga n'kutsatira mfumuyo. Nayonso mfumu inali ndi udindo wosunga anthu ake pa nthaka ya makolo. Anthu wamba ankakhulupirira kuti pamene agogo awo analima ndi pawo mwa kubadwa, ngakhale analibe pepala lililonse. Malamulo a boma sankaona choncho. Kwa iwo mwini malo anali mfumu yokha, ndipo tsoka lonse linagona pamenepa.

Mayina awiri amabwerabwera m'bukumo ndipo ndi bwino kuwadziwa. Loyamba ndi Glencoe. Mu February 1692 asilikali a boma anasungidwa m'nyumba za a MacDonald a kumeneko pafupifupi milungu iwiri, akudya nawo ndi kuotha nawo moto, kenako m'bandakucha wina anadzuka n'kupha anthu oposa 30 mwa omwe anawalandira. Lachiwiri ndi Culloden, dambo la pafupi ndi Inverness, kumene pa 16 April 1746 mafuko amene ankathandiza Charles Edward Stuart kulanda ufumu wa Britain anagonjetsedwa pa nkhondo yosakwana ola limodzi. Boma silinasiyire pomwepo. Linalanda zida, linaletsa amuna kuvala zovala za makolo awo mpaka mu 1782, ndipo linachotsera mafumu mphamvu zoweruza milandu.

Mfumu yopanda asilikali ndi bwalo la milandu inangotsala ndi malo. Ana a mafumu anaphunzira m'Chingelezi, anazolowera moyo wa ku Edinburgh ndi ku London, moyo wofuna ndalama zambiri. Lendi inakwera. Kenako kunabwera alimi a nkhosa ochokera kumwera amene ankatha kulipira zochuluka kuposa mudzi wonse, ndipo midzi inayamba kusamutsidwa kuti nkhosa zipeze msipu. Ku Strathnaver m'dera la Sutherland, mu 1814, madenga a nyumba anatenthedwa kuti eni ake asabwererenso. Mu 1846 matenda anagwira mbatatesi, chakudya chodalirika cha osauka, ndipo eni malo ena analipira sitima zoti zikatule anthu awo kutsidya la nyanja. Chowawa kwambiri, chimene nyimbo zawo zimalira mpaka lero, n'chakuti nthawi zambiri wowathamangitsayo anali wa mfunda wawo womwe.

Calum Ruadh, kholo la banja la m'bukumo, akunyamuka ku Moidart, kumadzulo kwa Scotland, mu 1779. Chaka chimenechi chikumuika pakati pa oyambirira, aja amene anaona kumene zinthu zikulowera n'kunyamuka okha asanawagwetsere nyumba. Sitima yotchuka ya Hector inali itafika ku Pictou m'chigawo cha Nova Scotia mu 1773 ndi anthu osakwana 200, ndipo m'zaka zotsatira anthu masauzande ambiri anatsata njira yomweyo, ochuluka n'kukakhazikika pachilumba cha Cape Breton. Ankapita mwa mabanja ndi mwa midzi, n'kukamanganso moyandikana, moti munthu wodziwa ankatha kumva pa kalankhulidwe ka mudzi wa ku Canada kuti makolo ake anachokera chilumba chiti cha ku Scotland.

Mutu wa bukuli nawonso unachokera m'mbiri yeniyeni. James Wolfe anali msilikali wa boma amene anamenya nawo nkhondo ya Culloden polimbana ndi mafuko aja. Mu 1751 analembera mnzake kalata yonena kuti anthu a kumapiriwa angathandize pa nkhondo za ku America chifukwa ndi opirira, olimba mtima, ozolowera malo ovuta, ndiponso kuti atafa sipangakhale chotayika chachikulu, mawu amene m'Chingelezi chake ndi "no great mischief". Mu 1759 Wolfe yemweyo analanda mzinda wa Quebec m'manja mwa Afalansa, asilikali a kumapiri ali m'gulu lake, ndipo iye anafera pankhondo yomweyo. Mukagwira mfundo imeneyi mwagwira mtima wa bukuli. Awa ndi anthu amene anaphunzira, m'badwo ndi m'badwo, kuti kwa mfumu, kwa boma, kwa mkulu wa asilikali, ndiponso pambuyo pake kwa kampani ya mgodi, iwo ndi manja ogwira ntchito amene akatha amapezeka ena. Wowerengera moyo wawo anatsala ndi m'bale yekha. Mawu a agogo aakazi a Alexander oti munthu azisamala magazi ake, kutanthauza abale ake, anabadwira m'mavuto otere.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa mbiriyi inatikhudza ifenso. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813, koma agogo ake aamuna anali a pachilumba cha Ulva, pafupi ndi Mull, kumene anthu ankalankhula Chigaelic. Anachokako munda utalephera kudyetsa banja, n'kukapeza ntchito pafakitale ya thonje ku Blantyre. Livingstone analemba yekha kuti ali mwana ankamvera nthano za agogo akewo ndi nyimbo za Chigaelic za agogo ake aakazi, ndiponso kuti kholo lake lina linafera ku Culloden. Mzinda wathu wa Blantyre, umene amishoni anautcha dzinali mu 1876, ukukumbutsa malo amene banja losamuka la kuzilumba linakafikira.

Tsopano tibwere kwa Calum ndi mng'ono wake.

Kumbukirani usiku umene banjali linagawikana. Bambo awo ankayang'anira nyali younikira sitima pakachilumba kena, ndipo m'nyengo yozizira ankawoloka wapansi pamwamba pa nyanja youndana. Tsiku limenelo madzi oundanawo anaphwanyika, bambo, mayi ndi mnyamata Colin n'kumira. Mapasa a zaka zitatu, Alexander ndi mlongo wake Catherine, anali atatsala kwa agogo, ndipo anangokhaliratu komweko: nyumba yofunda, chakudya pa nthawi yake, sukulu, mpaka yunivesite. Akuluakulu atatu aja, oti anali asanakwanitse zaka 20, anabwerera kunyumba yakale ya makolo n'kumadzilera okha, akusodza, akudula mitengo, akugona ndi zovala chifukwa cha kuzizira. Imfa imodzi inatsegulira ana awiri njira n'kutsekera atatu. Palibe amene anasankha, ndipo Alexander akudziwa bwino lomwe kuti sanapose akulu ake nzeru kapena khama. Anangokhala wamng'ono.

Pali chochitika chimodzi chimene ndimapempha aliyense wowerenga bukuli kuti achiyang'anitsitse. Dzino la Calum lavunda, tsaya latupa, dokotala kulibe ndipo ndalama palibe. Akumanga chingwe kudzinolo, mbali inayo akumangirira kwa Christy, hatchi yake ija imene inkakoka boti lawo kulitulutsa m'madzi ikangomva likhweru lake. Hatchi ikutsomphoka, dzino likuzuka, magazi ali chuchuchu. Kamnyamata kamene kakuonerera zimenezi ndi kamene kakudzakhala dokotala wowongola mano a anthu a ndalama, anthu oti mano awo sakuwawa, angofuna kuti azioneka bwino akamamwetulira. Ndi munthu ameneyo amene amakwera masitepe a nyumba yauve ku Toronto atanyamula botolo, n'kuona mkulu wake akuthira mowa m'mbale chifukwa manja akunjenjemera moti tambula sangaigwire.

Ndiye ndi chikondi kapena kufooka? Ine ndimati ndi chikondi, koma chikondi chosakanikirana ndi ngongole ndiponso manyazi, ndipo MacLeod sakutibisira zimenezi. Taonani mmene Alexander amachedwera mumsewu akatuluka kukagula mowa wina, akuyang'ana uku ndi uku, akuganiza zakale, ngati munthu amene mapazi ake akulemera kubwerera kuchipinda kuja. Kutulutsa ndalama n'kosavuta kwa iye. Kutenga Calum kukakhala naye kunyumba yake yabwino ya ku Windsor n'chinthu china, ndipo sachita. Komabe sindingavomere kuti ndi kufooka. Munthu wofooka akanatumiza ndalama pa positi, kapena akanangosiya n'kumadziuza kuti Calum anadzifunira yekha. Alexander amayendetsa galimoto maola angapo, amakhala pansi m'fungo lija, ndipo amamvetsera. Mumzinda wonse wa Toronto, Calum ndi chidakwa chotuluka kundende basi. Mng'ono wake yekha ndi amene akudziwa kuti uyu ndi mwana wachisamba amene anasunga abale ake makolo atamira, mtsogoleri wa gulu la okumba migodi limene makampani ankachita kuliitanitsa kuchokera kutali. Akakhala awiriwo Calum amamuitana ndi dzina la paubwana, amakumbutsana mizere ya nyimbo zakale, ndipo kwa kanthawi amakhalanso munthu wa kwinakwake, mwana wa wina wake. Botolo limangotsegula chitseko. Chimene Alexander amabweretsa ndi umboni wakuti mkulu wake anakhalapo ndi moyo.

Kunena za achimwene anu, mayi, bukuli musalitenge ngati malangizo a kuchipatala. Calum wa m'nthanoyi ali kumapeto a ulendo wake, ndipo wolemba akutionetsa mmene munthu amaperekezera m'bale amene sangathenso kumubweza. Achimwene anu mwina sanafike pamenepo. Dziwaninso kuti munthu amene thupi lake linazolowera mowa wambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera kwambiri, kuona zilubwelubwe, kukomoka ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. N'chifukwa chake kusiya kotere kumafunika kuyang'aniridwa ndi achipatala. Kungomukhuthulira mowa pansi kungamuvulaze, ndipo kumangomugulira kumamupha pang'onopang'ono. Chimene mungatengeko kwa Alexander ndi kusaleka kupita kukamuona.

Pali chinthu china chimene owerenga ambiri amachidumpha chifukwa chotengeka ndi kukoma kwa chibale cha anthuwa. Timati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo a MacDonald akanavomereza ndi mtima wonse. Koma tafunsani kuti Calum anafika bwanji kundende. Ku migodi ya yureniyamu ya ku Elliot Lake m'chigawo cha Ontario kunabwera mnyamata wochokera ku San Francisco, wothawa kulembedwa usilikali pa nkhondo ya ku Vietnam. Sankamudziwa, anali asanamuonepo. Anamulandira chifukwa cha mfunda ndi magazi basi, mpaka kumupatsa mapepala a msuweni wawo amene anafera mumgodi. Mnyamatayo anaba ndalama za Fern Picard, mtsogoleri wa okumba migodi olankhula Chifalansa, amene anali kale pa udani ndi Calum. Ndewu itabuka Picard anafa m'manja mwa Calum, mnyamata uja n'kuzimiririka, ndipo chikwama chobedwacho chinapezeka pambuyo pake m'katundu wake. Picard powatchula akuba ankanena zoona. Lamulo lomwe lija losamala magazi ako, limene linapulumutsa banjali kwa zaka 200, ndi limene linaphetsa munthu ndi kutsekeretsa Calum. Wolipira mtengo wa kukhulupirika m'bukuli nthawi zonse ndi wokhulupirika kwambiriyo, kuyambira galu amene anasambira kutsatira boti la Calum Ruadh mpaka galu wa pachilumba amene anaomberedwa akudikirabe ambuye ake omira.

Ndipo okumba migodi olankhula Chifalansa aja, ochokera ku Quebec, anali ndani? Anthu osauka, a chilankhulo chonyozeka m'dziko la Chingelezi, otumiza ndalama kumudzi, ofanana ndi a MacDonald m'zonse. Tsiku lina kumsasa kukubwera woimba zeze wa mtundu wa Cree, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku Canada, amene nayenso dzina lake ndi MacDonald, ndipo magulu awiriwa akuzindikira kuti nyimbo zimene akuimba ndi zomwezo, mayina okha ndi osiyana. Kwa madzulo amodzi mpanda ukugwa, m'mawa mwake wamangidwanso. Apa ndi pamene ndimaona kuti MacLeod ankawakonda anthu ake popanda kuwanamizira. Pamene ndimaona kuti anafupikitsa ndi pa nkhani ya a Mi'kmaq, eni nthaka a Cape Breton, amene akungotchulidwa mongodutsa. Zoona zake n'zakuti malo amene othamangitsidwa a ku Scotland anagwetsapo mitengo n'kulimapo anali osakako ndi osodzako a Mi'kmaq, ndipo obwerawo atachuluka eni akewo anapanikizidwira m'timadera tating'ono. Wowerenga azikumbukira zimenezi yekha, chifukwa bukuli silimukumbutsa mokwanira.

Nanga chilankhulo chija chinatha bwanji mphamvu? Cha m'ma 1901 ku Nova Scotia kunali anthu pafupifupi 50,000 ochilankhula. Mumzinda wa Sydney pachilumbapo munkatuluka nyuzipepala ya Chigaelic chokhachokha yotchedwa Mac-Talla kuyambira 1892 mpaka 1904, ndipo mu 1890 phungu wina, Thomas Robert McInnes, anayesa kukhazikitsa lamulo loti chizigwiritsidwa ntchito m'boma la Canada, koma linakanidwa. Sukulu zinkaphunzitsa m'Chingelezi, monganso ku Scotland kumene lamulo la maphunziro la 1872 silinachipatse malo, ndipo ana ambiri ankalangidwa akachilankhula m'kalasi. Ntchito zinali ku Boston, ku Toronto ndi m'migodi. Makolo ofunira ana awo zabwino anayamba kulankhula nawo Chingelezi, Chigaelic n'kumachisungira nkhani zimene sankafuna kuti ana amve. Mibadwo iwiri kapena itatu inakwanira. Lero oyamwira chilankhulochi ku Cape Breton atsala okalamba owerengeka. N'chifukwa chake buku lolira Chigaelic linalembedwa m'Chingelezi, mawu a makolo n'kumangotulukira pa maliro, pa nyimbo, pa kutukwana ndi pa kusisitana.

Pali malo ena okoma kwambiri m'bukumo pamene Catherine, atapita ku Moidart, akulandiridwa ngati mwana wobwerera kwawo ndipo Chigaelic chikungotuluka chokha m'kamwa mwake. Owerenga ambiri amagwetsa misozi pamenepa, ndipo ena amatengapo maganizo akuti chilankhulo chimayenda m'magazi. Sichitero. Catherine anachimva kukhitchini kwa agogo ake ali mwana, n'chifukwa chake chinali ndi pobisala. Mwana wokulira ku Calgary, mzinda wa ku Canada umene Catherine amakhala, amene sanachimvepo alibe choti chidzatuluke, ngakhale tsitsi lake litakhala lofiira ngati la Calum Ruadh.

Ntchito yochitsitsimutsa ilipo ndipo si yamasewera. Ku Scotland makalasi ophunzitsira ana m'Chigaelic anayamba mu 1985 ku Glasgow ndi ku Inverness, nyumba ya malamulo inachipatsa ulemu wa boma mu 2005, wailesi yakanema ya BBC Alba inatsegulidwa mu 2008, ndipo pachilumba cha Skye pali koleji ya Sabhal Mòr Ostaig. Ophunzira akuchuluka m'mizinda, koma kuzilumba za kumadzulo, kumene chinali chilankhulo cha pakhomo ndi cha kudoko, kalembera wa 2022 anasonyeza kuti ochilankhula atsika kufika posakwana theka la anthu. Ku Nova Scotia kuli koleji ya Chigaelic ku St. Ann's imene inakhazikitsidwa mu 1938, boma la chigawocho lili ndi ofesi yoona za Chigaelic, ndipo achinyamata ena amapita kukakhala ndi okalamba aja kuti atole kalankhulidwe kawo nthawi isanathe.

Ngati mukufuna kumva ndi makutu anu zimene Calum ndi Alexander ankaimba, tsegulani BBC Radio nan Gàidheal pa intaneti, ndiponso funafunani nyimbo zopondera nsalu za ku Cape Breton. Anthu amakhala mozungulira thebulo lalitali atagwira nsalu yaubweya yonyowa yongochoka kumene kwa owomba, akuimenyetsa pathebulo ndi kupatsirana kuti ilimbe, mmodzi akutsogolera nyimbo ndipo onse akuvomera mogwirizana ndi kugunda kwa manja. Ku Scotland imeneyi inali ntchito ya amayi, koma ku Cape Breton abambo nawonso amakhala nawo pathebulo, ndipo nyimbo zambiri za amalinyero ndi za osamuka zinasungidwa mwa njira imeneyi.